Mabushi a polyurethane akulira, akugogoda kapena auma: zoyambitsa zake ndi kakonzedwe kake

Mabushi ndi timphira tokhala polumikizirana zitsulo zogwira matayala pansi pa galimoto. Anthu ambiri amene anachotsa mabushi a labala omwe galimoto inabwera nawo n'kuikamo a polyurethane (mtundu wa pulasitiki wonga labala wolimba) amadandaula za chinthu chimodzimodzi. Masabata oyamba galimoto imagwira bwino msewu, ili phee. Mvula ikangogwa kangapo, pabampu paliponse mumamva tswii tswii. Mwini wake amapopera mafuta a m'chitini, phokoso n'kuleka, koma sabata isanathe layambiranso. Kawirikawiri vuto si bushi lenilenilo. Girizi sanafike pamalo pamene pakukhulana, kapena anafika koma sanakhalitse. Ndipo pali maphokoso ena amene girizi sangawathetse ngakhale mutathira chitini chonse.

Dziwani kaye mtundu wa bushi lomwe muli nalo

Bushi la labala linamatidwa ku kapaipi kachitsulo ka pakati pake. Control arm (chitsulo cholumikiza tayala ku chasisi) ikamakwera ndi kutsika, labalayo amapotokola n'kubwerera, palibe chimene chikutsetsereka pa chinzake. N'chifukwa chake silifuna girizi. Oyilo wa injini kapena girizi wamba akalikhudza, labala amafufuma n'kufewa.

Bushi la polyurethane silinamatidwe. Limazungulira pa kapaipi kaja ngati hinji ya chitseko, choncho pakati pa ziwirizi payenera kukhala girizi nthawi zonse. Mabushi olimba kwambiri a pulasitiki wa Delrin kapena nayiloni nawonso amazungulira motero. Ma rod end (mfundo zachitsulo zozungulira pa kampira) okhala ndi PTFE (pulasitiki woterera wotchedwanso Teflon) m'kati mwake amadzitereretsa okha, mukawapaka girizi mumangowaitanira fumbi.

Musadalire mtundu wooneka ndi maso kuti mudziwe kulimba kwa bushi. Kulimba kumayezedwa pa sikelo ya Shore A (nambala ikakula, bushi ndi lolimba kwambiri), ndipo kampani iliyonse ili ndi mitundu yakeyake. Ku Powerflex, a pepo ndi 80A pamene akuda ndi 95A. Ku Energy Suspension, ofiira ndi akuda ali ndi kulimba kofanana, kungoti akuda ambiri anasakanizidwa ndi graphite, ufa wakuda wotereretsa. Bushi likakhala lolimba kwambiri limalowetsa phokoso la msewu m'galimoto, ndipo zimenezo si vuto la girizi.

Girizi woyenera ndi amene anabwera m'paketi ya mabushiwo. Akatha, funani wa silikoni wokhala ndi PTFE, wonanda kwambiri, wosatsukika ndi madzi. Formula 5 Prelube wa Energy Suspension ndi chitsanzo chake. Makampani amasiyana pa zimene amalola, ndiye ngati pepala la malangizo latchula girizi wina, tsatani ameneyo.

Musanalowe pansi pa galimoto

- Ikani galimoto pamalo olimba ndi osatsetsereka, ndipo tsekerani matayala amene atsala pansi.
- Jeke ndi yokwezera basi. Galimoto ikhale pa masitandi musanalowetse mkono kapena mutu.
- Girizi asakhudze disiki kapena mapadi a mabuleki. Akadontherapo, tsukani musanayendetse galimoto.
- Musapopere silikoni pafupi ndi polowera mpweya wa injini, chifukwa amawononga oxygen sensor, kachipangizo ka pa ekizozi koyeza okosijeni mu utsi.

Chizindikiro 1: Kulira kwa tswii tswii pamabampu kapena potembenuka pang'onopang'ono

Ili ndiye vuto lalikulu. Limamveka kwambiri m'mawa kukazizira, mvula ikangotha, kapena tayala limodzi likakwera pamalo okwera linzake lili pansi.

Pezani kaye komwe likuchokera. Mnzanu azikankha galimoto pakona imodzi ili pansi pa matayala ake, inu mukumvetsera. Thirani madzi a sopo pa bushi limodzi lokha, n'kuyesanso. Phokoso likasiya kwa kanthawi, mwalipeza. Mukathira pa onse nthawi imodzi simudziwa lomwe linali ndi mlandu.

Zoyambitsa, kuyambira yofala kwambiri:

1. Mabushi a stabilizer bar (chitsulo chopingasa choletsa galimoto kupendekeka pokhota) auma. Ameneŵa ali poyera, madzi ndi matope zimawapeza mosavuta, ndipo ndi amene amayamba kulira. Masulani bulaketi, tsegulani bushi podulidwa pake, litsukeni ndi madzi a sopo, liumitseni. Palani dzimbiri ndi penti yosupuka pa chitsulocho ndi sandipepa wosalala mpaka chala chiziyenda bwinobwino. Pakani girizi m'kati monse mwa bushi, musaumire. Ena amayamba akulunga tepi ya PTFE kawiri kapena katatu pa chitsulocho asanapake girizi. Imathandiza ndithu, ngakhale nayonso imadzatha.
2. Girizi anali wochepa poika mabushi a control arm. Timapaketi tobwera ndi mabushi timakhala tating'ono, ndipo woika akafulumira amangonyambititsa. Apa palibe njira yachidule: tulutsani bawuti, tulutsani kapaipi, pukutani zonse, pakani girizi m'bowo la bushi ndi pa kapaipi.
3. M'mbali mwa bushi simunapakidwe. Milomo iwiri ya bushi imakhulana ndi bulaketi ya pa chasisi kapena mawashala nthawi iliyonse control arm ikasuntha. Anthu ambiri amapaka m'bowo mokha n'kuiwala pamenepa. Mukaona pamlomo pali powala ngati popukutidwa, ndi pomwe pakulira.
4. Kapaipi kachita dzimbiri kapena kali ndi mizere. Kapaipi kokhakhala kamapala girizi n'kuyamba kudya bushi. Dzimbiri lapamwamba limachoka ndi sandipepa. Ngati kachita maenje oti chikhadabo n'kukodwamo, ikani katsopano.
5. Bushi ndi laling'ono kwa stabilizer bar yanu. Galimoto za mtundu umodzi zimatha kukhala ndi stabilizer bar zonenepa mosiyana. Bushi la 22 mm pa chitsulo cha 23 mm limalowa mukalikakamiza, koma limafinya girizi yense panja. Yezani chitsulocho ndi vernier (choyezera kunenepa kwa chitsulo) pamalo oyera, osati pa dzimbiri.
6. Si bushi ayi. Ball joint (mfundo ya kampira yolumikiza control arm ndi chogwira tayala) imene labala wake wotchinga wang'ambika imalira chimodzimodzi ikauma. Pamwamba pa strut (shock absorber yonyamula sipuling'i) ndi pokhala sipuling'i napo pamalira. Ngati madzi a sopo sanasinthe kanthu pa bushi lililonse, yang'anani kumeneko.

Chizindikiro 2: Mwapaka girizi, koma phokoso labwerera msanga

1. Munapopera kunja kokha. Bushi lomangidwa bwino lilibe mpata woti girizi alowe kuchokera kunja. Zopopera zolowerera ngati WD-40 wamba zimalowa pang'ono chifukwa n'zamadzimadzi, koma polowapo zimasungunula girizi amene anatsala, kenako n'kuuma. Bushi limatsala louma kuposa poyamba. Pa zolakwika zonse za pankhaniyi, iyi ndi imene imachitika kwambiri, chifukwa tsiku loyambalo imaoneka ngati yagwira ntchito.
2. Girizi wake ndi wosayenera. Girizi wofewa amafinyika panja galimoto ikalemera, ndipo madzi amamukokolola. Wabwino amamatirira ku zala moti kusamba kamodzi sachoka. Musasakanize girizi watsopano ndi wakale wa mtundu wina, pukutani kaye wakaleyo.
3. Madzi a makina otsukira galimoto. Madzi amphamvu akalunjika pa bushi amachotsa girizi m'milomo n'kulowetsa mchenga. Kuwoloka madzi akuya kawirikawiri kumachitanso zomwezo.
4. Munapaka pamwamba pa dothi. Girizi wosakanikirana ndi mchenga amapala bushi ndi kapaipi komwe. Tsukani ndi madzi a sopo. Petulo, thinala ndi brake cleaner n'zotsukira zitsulo, bushi lisaviikidwemo.
5. M'bowo la bushi mulibe mosungira girizi. Mabushi ena ali ndi timizere kapena timaenje m'kati mwake tosungira girizi, ena ndi osalala. Osalalawo amauma msanga. Ngati ndi a stabilizer bar, alipo mabulaketi okhala ndi nipo (kamlomo kopoperapo girizi ndi pampu) amene mungaike m'malo mwa akalewo. Ngati ndi a control arm, vomerezani kuti muziwamasula nthawi ndi nthawi, kapena sankhani mtundu wina podzasintha.

Pa funso loti muzipaka kangati, zimatengera kumene galimoto imayenda. Ya pa tala wouma imakhala nthawi yaitali osadandaula, ya m'matope ndi m'fumbi imafuna pafupipafupi. Mabushi okhala ndi nipo ndi bwino kuwapopa pa sevisi iliyonse, ndiponso galimoto ikachoka m'madzi akuya.

Chizindikiro 3: Kugogoda kwa gu! gu! pobuleka, ponyamuka kapena m'maenje

Girizi sathetsa kugogoda. Kulira ndi kukhulana, kugogoda ndi mpata. Mukadzaza girizi pa bushi lomwe lakula bowo, phokoso limabisala masiku ochepa koma mpata uli pomwepo.

1. Bawuti lamasuka. Limangeni ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) pa mlingo wa m'buku la galimotoyo. Bawuti likakhala lomasuka kwa nthawi, limakulitsa bowo la bulaketi. Yang'anani ngati bowolo likadali lozungulira.
2. Ma link (timitengo tachitsulo tolumikiza nsonga za stabilizer bar) atha. Stabilizer bar ikakhala pa mabushi olimba, ma link akale amene anali atatopa kale amaonekera poyera. Agwedezeni ndi dzanja matayala onse awiri ali pamlingo umodzi.
3. Bowo la bushi lakula. Bushi limene layenda nthawi yaitali louma limadyeka. Lowetsani chitsulo chotukulira pakati pa control arm ndi bulaketi, kankhani pang'ono. Bushi la polyurethane labwino silisuntha kwenikweni. Mukaona kapaipi kakuvina m'kati, lisintheni, ndipo musinthe mbali zonse ziwiri.
4. Washala waiwalika kapena waikidwa chagada. Zikatere control arm imayenda kutsogolo ndi kumbuyo pobuleka. Yerekezani ndi chithunzi cha papepala la malangizo.
5. Ball joint kapena tie rod end (mfundo yolumikiza chiwongolero ndi tayala) yatha. Kwezani tayala, ligwireni pamwamba ndi pansi n'kugwedeza, kenako kumanja ndi kumanzere. Mpata uliwonse apa ndi nkhani ya chitetezo. Ball joint ikazuka, tayala limapindikira m'kati galimoto ili pa liwiro.

Chizindikiro 4: Galimoto yauma, ikudumphadumpha, kapena mbali imodzi siikhala pansi bwino

Apa m'pofunika kumvetsa mmene bawuti limagwirira ntchito. Bawuti liyenera kupana kapaipi kolimba pakati pa makutu awiri a bulaketi kuti kasazungulire. Bushi ndiye lizizungulira pa kapaipiko momasuka. Chilichonse chimene chikuchititsa kuti bawuti lipane bushi m'malo mwa kapaipi chimaumitsa control arm, ndipo sipuling'i ndi shock absorber zimalephera kugwira ntchito yake.

Mayeso ake ndi awa: control arm ikakhala yomasulidwa ku shock absorber, ku sipuling'i ndi ku stabilizer bar, iyenera kukwera ndi kutsika ndi dzanja limodzi. Kulimba pang'ono n'kwabwino, makamaka pa mabushi atsopano. Ngati mukuchita kuitsamira ndi thupi lonse kuti isunthe, pali vuto.

1. Girizi watha kotheratu m'bushi. Konzani monga pa chizindikiro choyamba.
2. Magawo awiri a bushi sanalowe mpaka kumapeto. Dzimbiri kapena zotsalira za labala wakale m'bowo la control arm zimawaletsa kufika, kapena zimafinya bushi kuti lipane kapaipi. Girizi wochuluka pakati pa magawo awiriwo amathanso kuwatsekereza. Tulutsani, palani m'bowomo mpaka chitsulo chiyere, bwezerani.
3. Kapaipi n'kakafupi kuposa bushi. Bushi likakhala m'malo mwake, kapaipi kayenera kufika m'mphepete mbali zonse ziwiri. Ngati kabisala m'kati kwambiri, mwina timapaipi tasokonezeka, popeza seti imodzi imakhala ndi timapaipi totalika mosiyana, kapena setiyo si ya galimoto yanu.
4. Chigoba chakale chinasiyidwa, kapena chinachotsedwa pamene chimayenera kutsala. Maseti ena amalowa m'chigoba chachitsulo cha bushi lakale, ena amafuna chichoke. Werengani pepala musanamenye chilichonse, chifukwa chigoba chikatuluka chopindika sichibwereranso.
5. Mabushi a labala amene anatsala anamangidwa galimoto ili m'mwamba. Kawirikawiri munthu amasintha mabushi ena n'kusiya ena a labala. A labalawo ayenera kumangidwa komaliza galimoto itakhala pa matayala ake. Mukawamanga matayala akulendewera, amakhala opotokola nthawi zonse, galimoto imakwera pang'ono, ndipo amang'ambika msanga. A polyurethane ozungulira pa kapaipi alibe vuto limeneli, komabe kumanga onse galimoto ili pansi sikulakwika.
6. Malowo sagwirizana ndi bushi lolimba. Pa galimoto zina, bushi limayenera kupindika mbali zingapo nthawi imodzi, makamaka pa ma trailing arm (zitsulo zogwira matayala zogona m'litali mwa galimoto) ndi ma link a kumbuyo. Labala amalola zimenezo, polyurethane wolimba amakana. Girizi sangathandize. Maganizo anga ndi oti pamalo oterowo labala wabwino amaposa, ngakhale seti yonse ya polyurethane itabwera ndi bushi la pamenepo.

Chizindikiro 5: Bushi likutuluka m'malo mwake kapena likuzungulira m'bowo la control arm

1. Kunja kwa bushi kunapakidwa girizi wambiri. Pa mabushi ambiri, mbali yakunja iyenera kugwira control arm osasuntha. Ngati likuvuta kulowa, madzi a sopo ndi okwanira chifukwa amauma. Makampani ena amalola girizi pang'ono kunjako, ndiye onani pepala lawo.
2. Munapopa mopitirira. Pampu ya girizi ili ndi mphamvu zambiri. Girizi akasowa kotulukira amakankha bushi panja kapena kutupitsa mlomo wake.
3. Bowo la control arm lakula kapena ladyeka ndi dzimbiri. Bushi latsopano likamalowa ndi zala zokha n'kumagwedera, control arm ndiyo yofunika kusintha.

Chizindikiro 6: Nipo ikukana girizi

Pukutani nipo, dinani kampira kake ndi kamsomali kuti muone ngati kakusuntha. Ngati kauma, imasuleni, iyeseni pa pampu ili panja, ikakana ikani ina. Nipo ikakhala bwino, n'kutheka kuti bushi lazungulira ndipo bowo lake silikuyang'anananso ndi nipo. Mwinanso bushi lapanikizika ndi kulemera kwa galimoto: kwezani galimoto, masulani bawuti pang'ono, popani pang'onopang'ono mpaka girizi watsopano aonekere m'milomo, kenako mangani pa mlingo wake. Pukutani wotuluka panja kuti asatole mchenga.

Chizindikiro 7: Bushi lafufuma, lafewa kapena likunyenyeka

1. Oyilo akudonthera pa bushi la labala. Yang'anani pamwamba pake: injini, giyabokosi, power steering kapena shock absorber yotayikira. Konzani kudonthako musanaike bushi lina.
2. Kutentha kwa ekizozi. Polyurethane amafewa akakhala pafupi ndi paipi yotentha. Onani ngati kachitsulo kotchinga kutentha kadakalipo.
3. Ukalamba ndi chinyezi. Mitundu ina ya polyurethane imawonongeka pang'onopang'ono ndi chinyezi, makamaka kotentha, mpaka kumayoyoka mukaikanda ndi chikhadabo.
4. Mankhwala otsukira amphamvu.

Bushi likafika apa silichira. Lisintheni.

Nthawi yosiya n'kupita kwa amakaniko

- Ngati sipuling'i yakhala pa control arm imene mukufuna kumasula, kapena galimoto ili ndi torsion bar (chitsulo chopotokola chogwira ntchito ya sipuling'i). Sipuling'i yopanidwa ikafwamphuka imatha kupha munthu.
- Bawuti likamatirana ndi kapaipi chifukwa cha dzimbiri moti likufunika kudula kapena kuotcha. Pafupi pamakhala mapaipi a mabuleki ndi a mafuta, ndipo utsi wa polyurethane kapena labala woyaka ndi woopsa kuupuma.
- Mukaona mng'alu, kupindika kapena dzimbiri loboola pa control arm, pa bulaketi kapena pa subframe (chimango chimene control arm imamangidwapo).
- Bushi likamafuna pulesa (makina okankha mwamphamvu) kuti lituluke, makamaka pa control arm ya aluminiyamu. Hamala imaiwononga.
- Ngati mulibe torque wrench kapena simukudziwa mlingo wake. Pa galimoto zina, mabawuti ena amatanuka pomanga ndipo sabwezeredwa kachiwiri.
- Ball joint kapena tie rod end ikakhala ndi mpata, galimoto ikamakokera mbali imodzi pobuleka, kapena chiwongolero chikamalephera kubwerera pakati mukamaliza kukhota.

Mukamasula control arm, makamaka yokhala ndi mabawuti osinthira camber (kupendekeka kwa tayala), lembani chizindikiro pa bawuti ndi pa bulaketi musanamasule, ndipo mukamaliza kayezetseni wheel alignment. Mabushi a stabilizer bar okha safuna zimenezi. Popita kwa amakaniko tengani pepala la malangizo ndi girizi wa mabushiwo, ndipo muwauze zimene munapoperapo kale kuti atsuke asanapake watsopano.